Makalata a omvera: pulogalamu yolembera ndalama za bizinesi ya zopanga ndi manja

Takulandirani omvera athu kuno ku Blantyre ndi konse kumene mukutimva. Makalata a lero achokera kwa osoka, osema ndi otunga mikanda, ndipo onse akufunsa za pulogalamu yolembera ndalama.

Yoyamba ndi ya mayi a ku Bangwe. Akuti: "Ndimasoka zikwama za chitenje n'kumagulitsa mu Limbe. Ena amalipira pamanja, ena pa Airtel Money kapena Mpamba, ena amatenga pangongole. Ndimalemba m'kope, koma mwezi ukatha sindidziwa ngati ndapindula. Kompyuta ndilibe, foni yanga ndi ya Android. Ndiikemo chiyani chosadya ndalama?"

Zikomo mayi. Inu musagule kanthu. Tengani Google Sheets, pulogalamu yolembera m'timabokosi ndi kuphatikiza manambala, pa Play Store, ndi yaulere, imangofuna akaunti ya Gmail. Mukatsegula tsamba latsopano, dinani timadontho titatu tapamwamba n'kuyatsa pamene palembedwa Available offline, kuti muzilemba ngakhale bandulo itatha. Pamwamba pa tsambalo ikani mitu 6 motsatana, kuyambira pa A mpaka pa F: tsiku, chachitika, njira yolipirira, zolowa, zotuluka, mtundu. Pa mtundupo muzilemba mawu amodzi okha: malonda, zipangizo, mayendedwe, zakunyumba kapena kusamutsa.

Pali zinthu zimene zimasokoneza anthu ambiri. Mukalemba K5,000 ndi chilembo kutsogolo, pulogalamuyi imaona ngati ndi mawu ndipo pophatikiza imadumpha. Lembani 5000 basi. Mudzadziwa kuti zili bwino nambala ikakhala chakumanja kwa kabokosi. Ikatsamira kumanzere, yalowa ngati mawu. Kuti muone ndalama zonse zolowa pa Mpamba, lembani m'kabokosi kopanda kanthu chakumbali =SUMIF(C:C,"Mpamba",D:D). Koma dzinalo lizilembedwa mofanana nthawi zonse. Mukalemba Mpamba lero, mawa TNM, za mawazo siziwerengedwa.

Mukatapa K20,000 kwa ejenti, simunagulitse kanthu, mwangochotsa ndalama yanu pafoni n'kuiika m'chikwama. Ilembeni kawiri, yotuluka pa Airtel Money ndi yolowa pamanja, mtundu wake kusamutsa, ndipo powerengera phindu musaiphatikize. Chokhacho chimene chapita ndi ndalama yodulidwa potapa, imeneyo ikhale pamzere wakewake. Ya ndiwo, ya makala ndi ya fizi imene mwatenga m'bizinesi ilembeninso, mtundu wake zakunyumba. Palibe cholakwa kudya za thukuta lanu, mayi, koma zikapanda kulembedwa mudzaganiza kuti zikwama sizikupindulitsa pomwe phindu linathera kukhitchini. A ngongole apatseni tsamba lachiwiri: dzina, chimene atenga, tsiku, zimene apereka ndi zotsala.

Ndikhalitsepo pa mtengo wa chikwama, chifukwa pulogalamu siingakuuzeni ngati simunaiuze. Tiyerekeze chitenje mwagula K9,000 ndipo chikutulutsa zikwama 3, ndiye kuti chilichonse chadya K3,000. Zipi K800, nsalu yam'kati K1,500, ulusi ndi singano K200, minibasi yopita ku Limbe mukaigawa pa zikwama zonse K500. Zakwana K6,000. Apa ndi pamene ambiri amaimira n'kugulitsa K7,000 akusangalala. Nanga maola 2 amene mwakhala pa makina? Mukadziwerengera K1,500 pa ola, chikwamacho chakudyerani K9,000, ndipo pa K7,000 paja mukulipirira wogula. Werengani choncho pa mtundu uliwonse wa chikwama, ndipo muzibwereza mitengo ikasintha kumsika.

Kalata yachiwiri ndi ya bambo a ku Chilomoni. Akuti: "Tilipo anthu 4 osema ziboliboli. Timasiya katundu m'masitolo a zokopa alendo ndi m'malo ogona alendo, amatilipira akagulitsa, ndipo amafuna invoisi, pepala losonyeza katundu ndi ndalama zoti atilipire. Tili ndi laputopu imodzi. Wina watiuza za QuickBooks. Kodi tiyambe imeneyo?"

Bambo, QuickBooks ndi pulogalamu yabwino, koma kwa gulu ngati lanu sindikulimbikitsa. Ya pa intaneti imalipiridwa mwezi ndi mwezi m'ndalama zakunja kudzera pa khadi ya banki, ndipo mukudziwa mmene ndalama zakunja zikuvutira. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023. Aliyense amene ankalipira m'madola anadzuka mtengo utakwera tsiku limodzi, pamene chiboliboli chake chili pa mtengo wakale. Imafunanso intaneti nthawi iliyonse mukafuna kulemba. Mukamva za Wave, yomwe anthu amaitama kuti ndi yaulere, dziwani kuti inakonzedwera mabizinesi a ku United States ndi Canada, musatayirepo nthawi.

Yesani Manager, imene imaikidwa pa kompyuta. Mtundu wa Desktop ndi waulere, umagwira popanda intaneti, umatulutsa invoisi ya nambala zotsatana, umasonyeza amene sanakulipireni ndi katundu wotsala. Ilipo ina yaulere yotchedwa GnuCash, yolimba ndithu, koma imafuna munthu amene anaphunzirako zowerengera ndalama. Poyamba ikani dzina la gulu, sankhani kwacha ngati ndalama yanu, tsegulani akaunti ya pamanja, ya banki ndi ya pafoni iliyonse payokha, n'kulemba ndalama zimene zilipo tsiku loyambalo. Musavutike kulowetsa za zaka zam'mbuyo, yambirani pa 1 mwezi ukubwerawu.

Katundu wosiya m'sitolo uja akadali wanu mpaka atagulidwa. Mukalemba invoisi tsiku lomusiya, buku lidzasonyeza malonda a ndalama zambiri zomwe simunazione, ndipo mukagawana phindu pamenepo mudzakangana. Tsiku losiya lembani kapepala ka katundu woperekedwa, njovu 6, mvuwu 4, mwini sitolo asaine, inu musunge kena. Invoisi ilembedwe pa zokhazo zimene zagulidwa. Ziboliboli zofanana zipatseni nambala pansi pake ndi chilembo cha amene anasema, kuti pogawana ndalama pasakhale kulozana zala.

Makampani ambiri adzakufunsani TPIN, nambala ya wokhoma msonkho imene imaperekedwa ndi MRA, omwe likulu lawo lili ku Msonkho House kuno ku Blantyre. Ena polipira amadula withholding tax, msonkho umene wolipira amadula pa ndalama yanu n'kukapereka ku MRA. Akadula, pemphani satifiketi yake ndipo mulembe ndalama yodulidwayo payokha, apo ayi invoisi idzakhala ikuoneka ngati sinamalizidwe kulipiridwa.

Chiopsezo cha pulogalamu ya pa laputopu n'chakuti zonse zili pamalo amodzi. Laputopu ikabedwa kapena ikapsa magetsi akabwera mwamphamvu, buku lonse lapita. Loweruka lililonse dinani Backup kuti mukope buku lonse, sungani fayiloyo pa fulashi, ndipo fulashiyo isagone m'chikwama chimodzi ndi laputopu. Kamodzi pa mwezi dzitumizireni fayiloyo pa imelo. Wolemba akhale mmodzi, koma enanu muzionetsedwa buku pakutha pa mwezi.

Yomaliza ndi ya chemwali a ku Ndirande otunga mikanda. Akufunsa ngati timapulogalamu taulere tolembera ngongole ta pa Play Store tili todalirika, komanso chimene angagwiritse ntchito pogulitsa pa chionetsero cha zamalonda ku Chichiri.

Chemwali, musanakhulupirire kapulogalamu kalikonse kayeseni sabata imodzi kope lanu lili pambali. Zimitsani intaneti muone ngati kakulemba. Fufuzani ngati kakulola kutulutsa zolemba zanu kukhala fayilo ya Excel kapena CSV. Kakakana, kasiyeni, chifukwa tsiku limene eni ake adzayambe kulipiritsa kapena kutseka, mbiri ya bizinesi yanu idzatsekeredwa momwemo. Kakapempha chilolezo chowerenga mauthenga a pafoni, kanani, popeza m'menemo ndi mmene mumabwera mauthenga a Airtel Money ndi Mpamba. Pa chionetsero, pulogalamu ya pafoni yolembera zogulitsa yotchedwa Loyverse POS imathandiza: mumaikiratu ndolo, zibangili ndi mikanda ya m'khosi ndi mitengo yake, mukagulitsa mumangodina, ndipo imalemba ngakhale netiweki itavuta. Imeneyi imawerenga zogulitsa ndi katundu wotsala, si buku lonse la ndalama, choncho madzulo alionse tengani chiwerengero cha tsikulo mukachilembe mu Google Sheets pamodzi ndi ndalama ya malo, ya mayendedwe ndi ya chakudya cha masana.