Kodi "iwe" wa m'nyimboyo ndani?

Zikomo a tcheyamani, zikomo amayi ndi abambo. Ena mwachokera ku Tembisa, ena ku Diepsloot kuno ku South Africa, ndipo matakisi a Lamulungu mukuwadziwa, ndiye sinditalikitsa.

Mwandipempha ndiyankhulepo za nyimbo zachikondi zimene ana athu amangokhalira kutseka nazo makutu. Mayi wina wandinong'oneza pakhomo paja kuti, "Bambo, muwauze kuti n'zachabe." Pepani mayi, sindiwauza choncho. Zachabe zilipo ndithu, koma zina zikukamba nkhani yoposa chibwenzi.

Tatcherani khutu ku mawu ake. Woimba amati ndinali m'tulo iwe unandidzutsa, ndinasochera iwe unandipeza, ndinali wakufa lero ndili moyo. Mawu amenewa kwawo ndi ku tchalitchi. Ku America, m'chaka cha 1954, woimba wina dzina lake Ray Charles anatenga nyimbo yotamanda Yesu, pamene panali Yesu n'kuikapo mkazi. Opemphera ambiri anakwiya naye, komabe nyimbo za soul zinaphukira m'njira imeneyo.

Njirayi imapitanso kwinaku. M'Baibulo muli Nyimbo ya Solomo, machaputala 8, mwamuna ndi mkazi akuyamikirana maso, tsitsi, milomo. Ena mumaidumpha mukamawerenga ndi ana, ndikukuonani mukusekazo. Aphunzitsi achiyuda ankaiwerenga ngati chikondi cha Mulungu ndi Israyeli, Akhristu ngati cha Khristu ndi mpingo. Bernard wa ku Clairvaux, mlaliki wachikatolika wa ku France, analalikirapo maulaliki 86, ndipo imfa inamupeza mu 1153 atangolowa kumene chaputala 3. Abale athu achisilamu a ku Mangochi ndi Machinga, nanunso muli ndi mlakatuli Rumi, amene anamwalira ku Konya, m'dziko limene lero ndi Turkey, mu 1273. Iye akamalirira wokondedwa m'ndakatulo zake, kawirikawiri akunena Mulungu.

Ndiye mukamva nyimbo, yambani mwafunsa kuti "iwe" ameneyu ndani. Mwina ndi mkazi, mwina ndi Mulungu, mwina ndi mayi ake a woimbayo. Koma funso limene ine ndimalikonda ndi lina: atadzuka m'tulomo, munthuyo anachita chiyani?

Ndidzipereke ndekha ngati chitsanzo. Ine ndinatchona. Agogo athu a Wenela ankabwerako ndi njinga ndi wailesi, koma ine kwa zaka 6 ndalama ya maganyu a m'magadeni inkathera ku shabini Lachisanu lomwelo. Foni ya mayi a kunyumba ikalira ndinkaitembenuza chafufumimba. Tinkagona anthu anayi m'chipinda chimodzi ku Turffontein, chodulidwa pakati ndi katani. Usiku wina mnzanga kuseri kwa kataniko anaika kanyimbo pafoni, bambo akuimba za mkazi amene sanasiye kumusungira nsima m'mbale yovundikira. Ndinayang'ana kudenga mpaka mbandakucha. Misozi inatsikira m'makutu.

Mmawa ndinaimba foni kumudzi. Anayankha kuti, "Mwatikumbukira lero?" n'kudula. Analibe mlandu, wakutsina khutu ndi mnansi. Nyimbo ija inandidzutsa usiku umodzi, koma sinalipire fizi ya ana, sinafolere denga limene linkadontha. Zinanditengera miyezi yambiri, kutumiza pang'onopang'ono, kupepesa kwa apongozi kudzera mwa ankhoswe, mpaka tsiku limene ndinakwera basi n'kuwoloka Beitbridge ndi Mwanza nkhope ili pansi. Paja m'Chichewa kuwombola kumafuna dipo. Nyimbo yoti munthu wawomboledwa koma osatchulamo chimene wasiya kapena wabweza, ine ndimaikayikira.

Tsono pali mtundu wina umene umamveka mofanana koma ndi woopsa. Woimba amati popanda iwe sindine kanthu, ukandisiya ndifa, ndiwe mpulumutsi wanga. Ameneyo sanadzuke ayi, wangosenzetsa mwana wa eni katundu wa Mulungu. Atsikana, mnyamata akakuuzani zimenezo musamwetulire msanga. Lero ndinu mpulumutsi, mawa akalephera kusiya mowa wolakwa mudzakhala inu. M'dziko lino tonse tikudziwa kumene mawu oti "ukandisiya" amakathera, ndipo bungwe lathu lino lasonkhapo ndalama za maliro otero.

Kusiyanitsa kwake sikovuta. Mverani ndime yomaliza. Ngati woimbayo akunena za zimene iye wayamba kuchita, kubwerera kwawo, kupepesa, kugwira ntchito, nyimboyo isungeni. Ngati mpaka kumapeto akungolondalonda mnzakeyo kuti asachoke, vinani ngati gitala lake lakoma, koma mawuwo musawatengere kunyumba.

Tikakumananso mwezi wamawa, aliyense abwere ndi nyimbo imodzi pafoni, ya Chichewa, ya Chiyao, ya Chizulu, iliyonse, tidzaisende limodzi ndime ndi ndime. Achinyamata mudzayambe ndinu. Mayi aja, nanunso mudzabweretse yanu, ija munavina pa chinkhoswe chanu. A tcheyamani, ndabweza kwa inu, tiyi akuzizira.