Moyo wa Kuno: Tacheza ku Newstead Abbey

Moni abale ndi alongo, kulikonse kumene mukumvera. Lero za mashifiti ndi lendi tiziike kaye pambali, ndikuuzeni za chinyumba china chakale, Newstead Abbey, chimene chili kumpoto kwa mzinda wa Nottingham, ku England kuno ndikukhala.

Ukamayandikira, maso amathamangira pa chikhoma chachitali cha tchalitchi, cha miyala yosema, chokhala ndi chiwindo chachikulu chosongoka pamwamba. Koma chiwindocho chilibe galasi, ndipo ukasuzumira kuseri, tchalitchi kulibe, kuli kapinga yekha. Pamalopa pankakhala ansembe kuyambira cha m'ma 1170. Mfumu Henry VIII itatseka nyumba za ansembe zoterezi, banja la a Byron linatenga malowa mu 1540. Tchalitchi chinagwetsedwa, n'kutsala khoma lakumaso lokha. Nyumba yawo anaikonza mozungulira bwalo lapakati la ansembe aja, moti makonde amene ankayendamo akupemphera alipo mpaka lero, ozizira zedi ngakhale kunja kuli dzuwa.

Chimene chinandikhudza ndi ichi. Mu 1818 nyumbayi anaigula a Thomas Wildman, n'kuthiramo ndalama zankhaninkhani poikonzanso. Chuma cha banja lawo chinachokera ku minda ya nzimbe ku Jamaica, yolimidwa ndi akapolo. Ndiye ukamasirira matabwa osema a m'chipinda chachikulu cha nyumbayi, mtima umakumbukanso thukuta la anthu akuda amene sanaione n'komwe nyumbayi. Ndipo m'nyumba yomweyi, kuyambira mu 1864 kufika mu 1865, munakhala David Livingstone ngati mlendo wa a William Webb, eni nyumbayi panthawiyo, akulemba za maulendo ake a pa Zambezi, pa Shire ndi kunyanja kwathu, kuphatikizapo nkhanza za ogula akapolo zimene anaona. Ndinaima kaye, ndithu.

Nyumbayi ili m'kaundula wa nyumba zotetezedwa ndi lamulo, m'gulu lapamwamba la Grade I. Nyumba yotere, ngakhale ikhale yako, sungangozula windo kapena kuboola khoma popanda chilolezo cha khonsolo. Ukatero ndi mlandu. N'chifukwa chake khoma lopanda denga lija amalisamala mmene lilili, osaligwetsa, osalimalizitsa. Ineyo zimenezi ndimazikonda kwambiri.

Kuyambira mu 1931 malowa ali m'manja mwa mzinda wa Nottingham, ndipo aliyense atha kukaona. Amene muli chakuno, tsiku lopuma katengeni ana mupite, koma musaiwale majekete.