Marita, Marita, tsitsa poto ukhale pansi

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye. M'mawa uno tiwerenge Luka 10:38-42, nkhani ya Marita ndi m'bale wake Mariya.

Disembala wafika ndipo ndikudziwa kuti amayi ambiri mitu yayamba kale kuwawa, osati malungo ai koma Khisimisi. Alendo abwera angati, mpunga ukwana kodi, makala nawo akwera mtengo, nkhuni zonyowa ndi mvula utsi wokhawokha.

Ine chaka chatha ndinadzuka 4 koloko kusanache. Ndinkafuna apongozi anga aone kuti mwana wawo anakwatira mkazi wodziwa poto, ndiye ndinaika mpunga wa Kilombero, nkhuku ziwiri zachikuda, nyama ya mbuzi, chambo, kabichi, mbatatesi, kuphatikizanso nsima ya agogo omwe amati mpunga ndi chakudya cha ana. Zonsezo ndekha, munthu akati ndikuthandizeni ine ndimati ai khalani ndinu alendo, koma mumtima ndikuwira ngati madzi a nsima. Cha m'ma 10 magetsi anathima, ndinatsala ndi mbaula imodzi, mpunga unapserera pansi, ndipo mwana wanga wamkazi ndinamukalipira pamaso pa anthu chifukwa cha supuni, supuni basi. Pomwe anthu amapempherera chakudya ine ndinali kuseri kupala poto. Ndinadya 5 koloko madzulo, chiimirire, zitazizira kale.

Ndiye ndikawerenga za Marita sindimuseka ai, ndi ineyo. Ndi iye amene analandira Yesu m'nyumba mwake, ndipo Yesu nthawi zambiri sankayenda yekha, ndiye tangoganizani mbale zake. Koma taonani chimene anachita atatopa. Sanapite kwa Mariya, yemwe anali atakhala pa mapazi a Yesu kumvetsera mawu ake, kukamunong'oneza kuti iwe tabwera udzandigwirireko apa. Anapirira mpaka kudzadza, kenako anakaima pamaso pa Mlendo mwiniyo kukadandaula kuti kodi Ambuye simukusamala kuti m'bale wanga wandisiya ndekha, muuzeni andithandize. Mkwiyo wa kukhitchini unakafika mpaka pabalaza. Ife timachitanso chimodzimodzi eti, pakamwa zii koma mapoto tikumenyetsa kuti nyumba yonse imve.

Yesu sanamuuze kuti kuphika ndi tchimo. Anamutchula dzina kawiri, Marita, Marita, nkumuuza kuti ukuda nkhawa ndi kuvutika ndi zinthu zambiri. Zambirizo ndiye zinandigwira pamtima ine, chifukwa ndiwo zisanu zija palibe anazipempha, kunali kufuna kutamidwa kwanga. Ndipo mukatsegula Yohane 12:2, ku Betaniya, kutatsala masiku 6 kuti Paskha ifike, Marita yemwe uja akutumikiranso pa chakudya, Lazaro ali pomwepo ndi Yesu, koma ulendo uno sitikumvanso Marita akudandaula.

Kugawana ntchito ya chakudya si ulesi, zili m'Baibulo momwe. Pa Machitidwe 6 kutabuka madandaulo pa kagawidwe ka chakudya cha amayi amasiye, atumwi 12 aja sanati tichita tokha, anati pasankhidwe anthu 7 oti aziyang'anira zimenezo, ndipo onse 7 anali amuna. Abambo mwamva pamenepo? Osangokhala pansi pa mtengo wa mango kudikira kuti kwapsa. Ngakhale Ambuye mwini, atauka kwa akufa, ophunzira anamupeza m'mbali mwa nyanja ya Tiberiya makala akuyaka, nsomba ili pamoto ndi mkate pomwepo, Yohane 21:9. Chakudya chake chinali chomwecho basi, ndipo anawaitana kuti bwerani mudye.

Miyambo 15:17 imatiuza kuti masamba pamene pali chikondi aposa ng'ombe yonenepa pamene pali udani. Nkhwani wotendera anthu akuseka, kapena mbuzi yonse mayi wa pakhomo atatupa nkhope, sankhani nokha.

Tipemphere. Atate, mutichotsere mtima wofuna kuonekera, mutipatse pakamwa popempha thandizo tisanapse mtima, ndipo mukumbukirenso makomo amene chaka chino ngakhale nkhuku imodzi palibe, mutitsegule maso tiwaitane. M'dzina la Yesu, Amen.

Kwathu chaka chino ndiwo ndi ziwiri, nkhuku ndi kabichi. Nkhukuzo abambo akunyumba ndi anyamata azipha ndi kuzisosola pa 24 madzulo, makala ndagula kale thumba lili m'nyumba mouma, mbaula yachiwiri ndabwereka kwa aneba, alamu abweretsa Fanta ndi Sobo. Apongozi ndinawaimbira dzulo ndikuchita manyazi kuwapempha kuti thobwa likhale lawo, anangoseka nkuti chimera anaika kale, amangodikira kuti ndiwauze.