Prednisolone sasiyidwa tsiku limodzi

Khalani pansi, tiyambe. Za mayi uja anakomoka pamjigo sabata yatha mwamva nonse. Ena mukuti ufiti, ena mukuti njala. Ayi. Anamwa prednisolone miyezi inayi chifukwa cha maondo, ongogula yekha, ndalama zitatha n'kungosiya. Mapiritsi amenewa, mukawamwa nthawi yaitali, musasiye mwadzidzidzi.

Pamwamba pa impso iliyonse pali kachiwalo kokhala ngati kachipewa, dzina lake adrenal. Kamatulutsa homoni yotchedwa cortisol, imene imagwiriziza shuga ndi kuthamanga kwa magazi kuti zisagwe mukadwala. Koma sikadzilamulira kokha. Abwana ake ali kunsi kwa ubongo, kanthu kochepa ngati nsawawa, pituitary. Ameneyu amatumiza uthenga wotchedwa ACTH kuti, "Gwira ntchito." Tsono prednisolone ndi mapiritsi anzake a dexamethasone, aja timati dexa, amafanana ndi cortisol. Ubongo ukaona kuti m'magazi mwadzaza, umaleka kutumiza uthenga, adrenal n'kugona, n'kuyamba kufota.

(Bambo wina: "Inu munalowamo m'mimba mwa munthu kuti muone kufotako?")

Mwafunsa bwino, achimwene. Anatiphunzitsa ndi makoswe, omwewa timawatchera misampha m'nkhokwe, kungoti awo anali oweta. M'zaka za m'ma 1920, ku America, Philip Smith ankachotsa pituitary mwa khoswe wamoyo. Pakapita masiku, adrenal yafota. Akamuikira pituitary ya khoswe wina, n'kuyambanso kukula. Mu 1936, ku Montreal, Hans Selye anaika makoswe pozizira kwambiri, ena kuwathamangitsa mpaka kutheratu, n'kupeza adrenal zawo zakula chifukwa choitanidwa usana ndi usiku. Khoswe mukamuchotsa adrenal imodzi, yotsalayo imanenepa kuti isenze katundu wa inzake. Homoni yaikulu ya adrenal ya khoswe ndi corticosterone, yathu ndi cortisol, koma lamulo ndi lomwelo: yotumidwa imakula, yosatumidwa imafota. Ndipo yofotayo sidzuka lero ndi lero, imatenga masabata, mwina miyezi. Mukasiya mapiritsi lero, m'thupi mulibe kalikonse: kufooka, kusanza, chizungulire, BP pansi. Munthu amatha kufa. Musasiye mwadzidzidzi!

Ndipo inu atsikana kumbuyoko mukusekanu, ndikudziwa ena mumamwa dexa kuti munenepe. Kumeneko si kunenepa. Nkhope imatupa ngati mwezi, miyendo n'kuonda, shuga n'kukwera. Mlamu wanga tinkamuyamikira kuti banja lamuyanja, chonsecho ndi mapiritsi. Mafuta ena oyeretsa khungu nawonso ali ndi mankhwala a mtundu womwewu, amalowa m'magazi.

Ndaona ena mwayamba kuyang'ana dzuwa, ndifulumire. Ngati mwamwa kupitirira masabata atatu, tengani kapepala ka mapiritsiwo ndi buku lanu lakuchipatala, adokotala akuchepetsereni pang'onopang'ono. Mukadwala malungo kapena mukamapita ku opaleshoni, nenani kuti mumamwa. Wina akayamba kusanza ndi kufooka atasiya, osadikira kuti kuche, pezani kabaza usiku womwewo. A mphumu amene anakulemberani adokotala, pitirizani monga anakuuzirani. Amfumu, ndathokoza, bwalo ndi lanu.