Makalata a Omvera: Kodi Za Kompyuta Ndi Za Anyamata?

Moni nonse omvera, kaya muli pakhonde kaya kudimba ndi kawayilesi m'thumba. Tamasula thumba la makalata, ndipo yoyamba yachokera ku Dedza, kwa mayi amene apempha kuti dzina lawo tisalitchule.

Akuti: "Mwana wanga wamkazi wakhoza bwino Folomu 4 ndipo mtima wake uli pa maphunziro a kompyuta. Amalume ake, omwe ndiwo amalipira fizi, akuti zimenezo ndi za anyamata, iye akachite unamwino kapena uphunzitsi. Ine za makinawa sindidziwapo kanthu. Ndiwayankhe bwanji alongo angawa?"

Mayi, zikomo. Alongo anuwo musayambane nawo, paja thumba ndi lawo. Koma mukakhala pansi madzulo, muwatapireko nkhani iyi.

Kale mawu akuti kompyuta linali dzina la ntchito ya munthu wowerengetsa masamu. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, asilikali a ku America analemba ntchito atsikana ambiri pa yunivesite ya Pennsylvania, mumzinda wa Philadelphia, kuti aziwerengetsa mmene chipolopolo cha mzinga chiulukire ndi pomwe chikagwere. Samu imodzi yokha inkadya tsiku lathunthu, mwinanso kupitirira.

Mu 1945 kunamangidwa chimakina chowerengetsa masamu omwewo chotchedwa ENIAC, cholemera matani 30, chodzaza chipinda chonse, chokhala ndi machubu agalasi onga mababu a magetsi pafupifupi 18,000. Omanga anali amuna, inde. Nanga ochiuza zochita? Anasankhidwa atsikana asanu ndi mmodzi: Kay McNulty, Betty Jennings, Betty Snyder, Marlyn Wescoff, Fran Bilas ndi Ruth Lichterman. Buku lowaphunzitsa panalibe. Anangopatsidwa mapepala osonyeza mmene mawaya ayendera, iwo n'kumalondola okha, kuzula nthambo apa kukalowetsa apo, kutembenuza maswichi mazanamazana, mpaka kumadziwa chubu chomwe chapsa. Makinawa atawonetsedwa kwa anthu mu February 1946, samu imene inadabwitsa alendo anaikonza ndi a Betty awiriwo. Kuphwando la madzulo ake sanaitanidwe n'komwe. Ine chimenechi chimandiwawa mpaka lero.

Tsono zinatembenuka liti? Ntchitoyi itayamba kununa, malipiro atakwera, amuna anaikhamukira ndipo mabwana anayamba kuitcha ya amuna. Ku Britain, mayi Stephanie Shirley anatsegula kampani yolemba mapulogalamu mu 1962, nalemba ntchito amayi ogwirira kunyumba akulera ana. Makalata awo ofuna bizinesi sankayankhidwa mpaka pomwe anayamba kusaina kuti Steve. Ku America, mu 1984, mwa omaliza digiri ya kompyuta 37 pa 100 aliwonse anali akazi, kenaka chiwerengero chinatsika osafikanso 20. Ubongo wa akazi sunasinthe m'zaka zimenezo, mayi. Muwauze amalumewo choncho, ndipo mwanayo akawasonyeze yekha zomwe amatha pa foni yawo.

Ina yachokera ku Limbe, kwa mnyamata wokonza mafoni. Akuti: "Pansi pa tebulo langa pali katoni yodzaza mabatire otupa ndi mabodi akufa a m'kati mwa mafoni. Ana amatola mawaya n'kumawotcha kuseri kuti apeze kopa wogulitsa. Kodi utsi umenewu ulibe vuto?"

Achimwene, uli nalo lalikulu. Pulasitiki wokutira mawaya akapsa amatulutsa poizoni wolowa m'mapapo, ndipo mabodi akale ali ndi mtovu umene umawononga ubongo wa ana. Ku Accra, m'dziko la Ghana, malo otchedwa Agbogbloshie anatchuka dziko lonse chifukwa cha utsi womwewu, anyamata akuwotcha nthambo tsiku ndi tsiku, mpaka boma linagumula malowo mu 2021. Mabatire otupawo nawonso achokera kutali: ambiri ali ndi mwala wa cobalt, umene wochuluka kuposa theka padziko lonse umakumbidwa ku Congo, makamaka cha ku Kolwezi, kwina ndi anthu okumba ndi manja m'maenje oopsa. Mawayawo anawo awasende ndi mpeni m'malo mowotcha. Batire lotupa musalibowole, musaliponye pamoto, liikeni m'chitini cha mchenga kutali ndi dzuwa.

Nthawi yatithera, ya ku Chipata tiiwerenga Lachinayi.