Chizimalupsa Sichizima Chilala

Mawu amene analankhulidwa pa msonkhano wa gulu lothandizana pa maliro ku Mufakose, mu mzinda wa Harare

Zikomo a tcheyamani. Agogo athu, amayi ndi abambo, ndi inu achinyamata mwabisala kumbuyoko, ndakuonani nonse. Chichewa changa chikapotoka pena mundikhululukire, ndinabadwira konkuno ku Mbare, kwathu ku Ntcheu ndinakakuona ndevu zitamera kale.

Lachiwiri usiku palibe anagona tulo tabwino. Malata ankachita kulira, madzi kulowa pansi pa chitseko, ena munadzuka kukatchera mabeseni. M'mawa mwake ndili mu kombi, minibasi zathu zija, ndinamva mayi wina akuuza mnzake kuti, "Basitu, chilala chija chatha." Lero ndikungolowa pakhomo apa, agogo akhala kutsogolowa andifunsanso zomwezo. Ndiye tisanayambe za zopereka, a tcheyamani andibwereka kanthawi kuti ndiyankhe.

Agogo, sichinathe. Mvula ija yagwira ntchito yake ndithu, koma ntchito yakeyo ndi yaing'ono, ndipo makolo athu ankaidziwa bwino. Mvula yoyamba imeneyi anaitcha chizimalupsa, anzathu a Chishona amati bumharutsva. Tamverani dzinalo. Imazima lupsa, imagonetsa phulusa la tchire lopsa ndi fumbi la m'njira. Anthu amene anapereka dzinali sankasowa mawu. Akanaona kuti imadzaza zitsime akanaitcha dzina la chitsime.

Pa wailesi mumamva a zanyengo akuti kwagwa mamilimita 40, kwagwa mamilimita 50. Milimita imodzi ndi lita imodzi ya madzi itathiridwa pa kamalo ka mita imodzi uku ndi mita imodzi uku. Harare pa chaka chabwinobwino imalandira mamilimita 800 ndi kanthu, ndipo pafupifupi yonseyo imagwa kuyambira Novembala mpaka Malichi. Ndiye tiyerekeze kuti usiku uja kunagwa 40. Ndi gawo limodzi mwa magawo 20 a chaka chimodzi chokha, pamene ife tili kale ndi ngongole ya dzinja lapita. Ngongole yake ndi ya katapila, chifukwa dzuwa silidikira. M'miyezi yotenthayi, Okutobala ndi Novembala, dzuwa ndi mphepo zimatha kukweza mamilimita 5, 6 kapena 7 pa tsiku kuchoka pa dothi lonyowa. Werengerani nokha. Sabata imodzi yopanda mtambo, 40 uja wabwerera kumene anachokera.

Komanso si yonse imene inalowa pansi. Apa ndiye mundimvetsere bwino, chifukwa nkhani yonse yagona apa. Amayi, mukatenga ndowa yodzaza n'kuikhuthula kamodzi pa bwalo losesa, madzi amapita kuti? Amathamangira kwa aneba. Madzi omwewo muwaike m'chitini choboola pansi, azidontha tsiku lonse, madzulo mukakumba mupeza dothi lafewa mpaka mkati. Nthaka imene yakhala miyezi isanu ndi umodzi ikuwombedwa ndi dzuwa imauma pamwamba ngati phale. Madontho akuluakulu a mvula yamkuntho akamamenya, amaswa timibulu ta dothi, fumbilo n'kumata timabowo tomwe madzi akanalowera. Zikatero madzi amangoyenda pamwamba, atanyamula dothi labwino, manyowa amene munathira ndi mapulasitiki, ulendo wa ku mitsinje ya Marimba ndi Mukuvisi. Mlimi weniweni amakonda mvumbi, mvula yonyong'onya ija yogwa masiku atatu zovala osauma. Mvumbi sapanga phokoso, n'chifukwa chake palibe amaukamba mu kombi.

Musakhulupirire ine. Mawa m'mawa tengani khasu mukakumbe m'kamunda kanu ka m'mbali mwa njanji. Ambiri mupeza chinyontho chalekezera pa utali wa chala kapena chikhatho, pansi pake fumbi lili mbuu. Mukaponya mbewu pamenepo imera, inde, mokongola. Muzu ukangotsika n'kukumana ndi dothi louma, kenako dzuwa n'kuwala masabata awiri, chimanga chija chimapota masamba ngati anyezi n'kufa. Ine zinandichitikira. Chaka china ndinabzala paketi yonse ya mbewu yogula ndi mvula yoyamba, ndikuseka bambo anga kuti akalamba, achedwa. Iwo sanayankhe. Mu Disembala ndinapita kukawapempha mbewu yobwerezera, ndipo anandipatsa, koma atandisiya ndikhale kaye pa mpando ola lathunthu akukamba za mpira.

Alangizi a zaulimi amakonda kunena kuti mvula yobzalira ifike mamilimita 25 kapena 30 m'masiku ochepa otsatizana, dothi linyowe kuposa pamene khasu limafika, ndipo kumwamba kuonetse kuti ina ikubwera. Chimanga chimafuna madzi ambiri, mamilimita 500 kapena kuposa, koma sichimwa kamodzi ngati ngamila. Nthawi imene chimakhala pa ngozi kwambiri ndi pamene chikumasula ngayaye ndi kutulutsa ndevu. Ng'amba ikagwa pamenepo, mupeza zitsononkho zopanda maso, ngakhale Novembala akhale kuti anali wa matope.

Si nthano iyi, tinaziona tonse mu 2024. Chaka cha El Niño, pamene madzi a m'nyanja ya Pacific amatentha kuposa nthawi zonse, kuno kum'mwera kwa Africa mvula imakonda kuchepa. Kumapeto kwa Disembala 2023 mvula inagwa, anthu anabzala, minda inabiriwira. Febuluwale atafika kumwamba kunangoti mbee, mwezi umene chimanga chimafunitsitsa madzi. Pa 29 Febuluwale a Hakainde Hichilema analengeza kuti Zambia ili pa ngozi ya chilala. Pa 23 Malichi a Lazarus Chakwera analengeza zomwezo m'maboma 23 mwa maboma 28 a Malawi. Pa 3 Epulo a Emmerson Mnangagwa nawonso analengeza kuno. Ndipo kumbukirani kuti chaka chimodzi chokha m'mbuyo mwake, mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy anali atagumula phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, anthu mazanamazana n'kutisiya ku Blantyre, ku Mulanje, ku Phalombe. Ena muli pano munasonkha ndalama za maliro amenewo. Madzi onse aja sanasungire mlimi wa ku Chikwawa ngakhale dontho limodzi la chaka chotsatira. Kuno nako mu Malichi 2019 namondwe wa Idai anakokolola Chimanimani ndi Chipinge pamene minda ya zigawo zina za dziko lomweli inali itapsa kale ndi dzuwa. Chigumula ndi chilala zimatha kukhala m'dziko limodzi, chaka chimodzi.

Abambo uko akweza dzanja. Chitsime? Ee, ndimabwera komweko.

Chitsime ndiye chimachedwa kuposa zonse. Pansi pa malokeshoni athu ambiri pali thanthwe lolimba, lomwe lija mumaliona litasanjikizana ku Epworth ndi ku Domboshava. Pansi pathu palibe nyanja ayi. Madzi amakhala m'dothi lofumbutuka la pamwamba pa thanthwelo ndi m'ming'alu yake. Kuti dontho lifike kumeneko, dothi lonse la pamwamba liyambe lakhuta, mizu ya mitengo ndi udzu itenge zake, dzuwa litenge zake. Chotsala n'chochepa, kawirikawiri sichifika ngakhale gawo limodzi mwa magawo khumi a mvula ya chaka. N'chifukwa chake mjigo umatha kumangotulutsa mpweya mu Disembala anthu akuyenda m'matope, n'kudzayamba kuchita bwino mu Febuluwale kapena Malichi. Onjezerani kuti masiku ano aliyense amene wapeza ndalama akuboola wake, ena akutunga ndi matanki n'kumagulitsa. Tikumwa ndi mapaipi ambirimbiri m'chikho chimodzi.

Pali chinanso chimene chimandiwawa ine. Malo amene mzinda uno unkamwera madzi ndi madambo. Dambo limagwira madzi a mvula, n'kumawalowetsa pansi pang'onopang'ono, n'kumawatulutsira ku mtsinje mpaka m'chilimwe. Madambo a Monavale ndi Cleveland analembedwa mu 2013 pa mndandanda wa madambo otetezedwa pansi pa pangano la Ramsar, koma madambo ena ambiri tawathira zinyalala za njerwa, tamangapo nyumba, matchalitchi ndi malo ogulitsira mafuta. Ifenso tisadzichotse, timalima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje. Pa simenti madzi salowa. Ndiye mvula ikagwa nyumba zomwezo zimasefukira, poti madzi saiwala khwawa, ndipo ikakata zitsime zimauma msanga. Tikulangidwa kawiri ndi mlandu umodzi.

Za madamu ndingodutsa mwachangu. Madzi a pa mpopi amachokera ku Chivero, damu la mu 1952, ndi ku damu la Manyame, n'kuyeretsedwa ku Morton Jaffray. Mtsinje suyamba kuthira bwino m'damu mpaka dothi la m'dera lonse limene umatolera madzi litakhuta. Madzi oyamba amene amafika ndi aja otsuka mzinda, onyamula zonyansa zimene zimanenepetsa namasupuni. Kariba ndiye nkhani ina. Madzi ake ambiri amachokera kutali, ku Angola ndi kumpoto chakumadzulo kwa Zambia, amachedwa m'chigwa cha Barotse, ndipo amafika pachimake pa Victoria Falls cha mu Epulo. Mu Novembala 2022 a Zambezi River Authority, bungwe loyang'anira damu la Kariba, analamula kuti mbali yathu ya Kariba iyambe yaima kupanga magetsi poti madzi amene tinapatsidwa anali atatha. Kuno mvula ikugwa, ife tili mu mdima. Ana ankafunsa kuti bwanji, yankho lake ndi limeneli.

Walira mvula walira matope, ndipo matope a m'tauni ali ndi kolera. Madzi othamanga aja amadutsa m'zimbudzi ndi pa mapaipi a suweji ophulika, n'kugwera m'zitsime zosaya za pakhomo. Mliri wa 2008 unayamba mvula isanagwe, koma unafalikira kwambiri dzinja litalowa, ndipo unatenga anthu oposa 4,000. Gulu lathu lino linaika maliro angati chaka chimenecho, akuluakulu mukukumbuka. Choncho masabata ano madzi a pa chitsime muwaphitse kapena muthire WaterGuard, ngakhale aoneke oyera bwanji.

Tsono chilala chimene chimatipweteka kwambiri ndi cha m'nkhokwe ndi m'thumba, ndipo chimenechi mvula siichotsa, chimachotsedwa ndi zokolola. Mwezi wa njala kwathu ndi uti? Januwale ndi Febuluwale, mvula ili pakati, kunja kuli biriwiri. Ndi pamene mtengo wa chimanga umakwera, ndi pamene foni imalira kuchokera ku Dedza kapena ku Mangochi kuti tumizani kangachepe. Amene munalipo mu 1992 mukukumbuka ufa wachikasu uja tinkautcha Kenya. Dziko lino linataya ng'ombe zoposa miliyoni imodzi. Ng'ombe yowonda imatha kupirira chilimwe chonse n'kudzafa ndi mvula yoyamba, ikazizidwa, ikatitimira m'matope, kapena ikadya msipu wanthete m'mimba mopanda kanthu. Ndipo khola likatha, mvula ya chaka chimodzi siibweza ng'ombe zokokera pulawo. Zimatenga zaka.

Nanga chilala chimatha liti? Chimatha ndithu, musachoke pano ndi mtima wosweka. Pambuyo pa El Niño wa 2015 ndi 2016, dzinja la 2016 mpaka 2017 mvula inagwa mobwerezabwereza miyezi yonse, madamu anadzaza, anthu anakolola. Ku Tsholotsho inachita kupyola muyeso ndi namondwe wa Dineo. Mvula yamphamvu si mdani ayi. Ikagwa mu Januwale pa dothi lokhuta kale, ndi imene imatsikira ku zitsime n'kukweza madamu. Imene yagwa Lachiwiriyi yangotsegula njira. Funso la agogo mudzandifunsenso mu Epulo, titaona chimanga chauma pa phesi, mtsinje ukuyendabe, mjigo ukutulutsa ndi kupopa kuwiri.

Pakali pano, amene muli ndi malata, denga la mamita 10 uku ndi 5 uku limagwira malita 1,000 pa mvula ya mamilimita 20 yokha. Madiramu asanu amenewo. Madzi oyamba otsuka fumbi ndi zitosi muwataye, otsatirawo musunge movundikira kuopa udzudzu. Kumunda, maenje a Pfumvudza aja, ulimi wobzala m'maenje osatipula munda wonse, musawanyoze kuti ndi ntchito yothyola msana. Kamunda kake ndi mamita 39 ndi 16, maenje 1,456, ndipo dzenje lililonse ndi kabeseni kogwira madzi pamene pali mbewu. Koma popanda kuphimbira ndi udzu kapena mapesi mwangovutika, chifukwa chophimbiracho ndi chimene chimaletsa madontho kumenya dothi ndi dzuwa kuba chinyontho. Mbewu musaponye yonse tsiku limodzi monga ndinachitira ine. Gawani pawiri, ndipo pambali ikani mapira kapena khobwe.

A tcheyamani ayang'ana wotchi kawiri tsopano. Inu achinyamata, ndabwera ndi chitini ichi cha mbali zowongoka ndi rula ya kusukulu. Mukachiika pamwamba pa nsanamira pabwalo, kutali ndi denga, m'mawa uliwonse muviike rula n'kulemba mamilimita m'kope. Ndikufuna anthu atatu, wa ku Mufakose kuno, wa ku Dzivarasekwa ndi wa ku Epworth, tidzafanizire manambala pa msonkhano wa mwezi wamawa. Mundipeze pakhomo tikatseka ndi pemphero. Zikomo, a tcheyamani, pitirizani ndi za zopereka.