Achemwali, muitaneni mwanayo amve za latitude ndi longitude

Halo achemwali, mwaswera bwanji ku Chilomoni? Ine ndangoweruka kumene, ndili pa siteji kudikira basi, ndiye mukamva phokoso musadabwe. Uthenga wanu ndaumva, kuti mwanayo jogalafe yamukanika pa latitude ndi longitude pamene JCE ili pakhomo. Muitaneni akhale pambali panupo.

Asiye kaye kuloweza ngati ndakatulo. Mawa mukapita ku Limbe mugule manachesi a ku Mwanza, awiri, chifukwa ndikumudziwa, limodzi adya phunziro lisanayambe. Akasenda aona mizere yolekanitsa zigawo, yochokera pamwamba kukathera pansi, yonse kukumana kunsonga ziwirizo. Longitude ndi imeneyo. Kenako adule anyezi mopingasa, zidutswa zingapo. Mkombero wa chidutswa cha pakati ndi waukulu, kupita kumapeto ikucheperachepera, ndipo palibe iwiri yokumana. Imeneyo ndi latitude. Waukulu wa pakatiwo ndi ikweta, digiri 0, umene umadutsa ku Kenya ndi ku Uganda.

Malawi yense ali kumwera kwa ikweta, pakati pa madigiri 9 ndi 17. Karonga ali cha pa 10, Nsanje cha pa 17, inu a ku Blantyre muli pa 15.8. Digiri imodzi ya latitude ndi makilomita pafupifupi 111, ndiye awerengere yekha kuti kuchoka panyumbapo kukafika pa ikweta ndi mtunda wotani.

Koma mutu umamuzungulira pa longitude, ndikudziwa. Mzere wa 0 uli konkuno ku London, pamalo otchedwa Greenwich. Ndinapitako tsiku lina ndili pa ofu. Achemwali, ndinkayembekezera chinthu choopsa, koma ndi kachitsulo chabe kokhomedwa pansi, anthu ali pamzere kudikira kujambulitsa, mwendo wina kummawa wina kumadzulo. Nanenso ndinatangadza, chithunzi chija ndinakutumizirani munkandiseka chija. Palibe chachilengedwe chinaika mzerewo pamenepo, mayiko anangogwirizana pamsonkhano ku Washington mu 1884.

Tsono iwe, tenga cholembera. Dziko limazungulira madigiri 360 pa maola 24. Ukagawa, ndi madigiri 15 pa ola, kapena mphindi 4 pa digiri imodzi. Blantyre ali pa madigiri 35 kummawa kwa Greenwich. 35 kuchulukitsa ndi 4 ndi mphindi 140, maola awiri ndi mphindi 20. Dzuwa limayamba kutulukira inu a kummawa, ndiye funso likakupititsa kummawa uziwonjezera, likakupititsa kumadzulo uzichotsera. Ana ambiri samu amaikhoza, amangolakwa pamenepa, kuwonjezera pofunika kuchotsera.

Uzandifunsa kuti nanga bwanji wotchi imasiyana ndi ya Greenwich ndi maola awiri okha. N'chifukwa choti Malawi amayendera nthawi ya mzere wa madigiri 30, limodzi ndi Zambia, Zimbabwe ndi Mozambique. Mphindi 20 zotsalazo ukhoza kuziona wekha. Zika kamtengo pabwalo Loweruka, uzilemba ndi khala pamene pakuthera chithunzithunzi chake. Chifupika kwambiri 12 koloko isanakwane, cha m'ma 11:40, kusiyanako pang'ono malinga ndi mwezi wake.

Achemwali, izi zikukhudzaninso inu, amene mumati ndimaimba nthawi yosalongosoka. Kuno amasuntha wotchi kumapeto kwa Malichi, n'kuibwezanso kumapeto kwa Okutobala. Panopa tikusiyana ola limodzi basi, koma ikafika Novembala tibwerera ku maola awiri. Mwanayo asasokoneze, zimenezi ndi malamulo a boma la kuno, si longitude ayi. Za latitude ndiye ndikuziona ndi maso pano. London ali pa madigiri 51.5 kumpoto. Panopa yadutsa 8 koloko koma kunja kuli ngwee, ndikutha kuwerenga nambala ya basi ili uko, pomwe mu Disembala 4 koloko isanakwane dzuwa limakhala litalowa kale. Chaka choyamba ndinkangofuna kugona ngati nkhuku.

China, tsegulani Google Maps pa foni yanuyo, mudinikize chala pamene pali nyumba yathu. Patuluka manambala awiri, yoyamba ngati -15.7 zakutizakuti, yachiwiri cha pa 35. Yoyambayo ndi latitude nthawi zonse, ndipo kachizindikiro kochotsera ako kakutanthauza kumwera. Muuzeni ayese kulemba manambala omwewo popanda kachizindikiroko, aona foni ikumuponya ku Sudan. Akatero munditumizire manambalawo pa WhatsApp, ndiwafuna pamene ndizidzalongosolera wobweretsa katundu uja.

Eya, basi yanga ndi iyo. Akayesa kamtengoko andiuze nthawi imene wapeza. Mupereke moni kwa amayi ndi alamu.